Abiti Saidi Anachotsa Msana

Amayi, kodi kumeneko muliko bwanji?

Ndine mwana wanu Nabanda. Sukulu sindinaipondeko, mukudziwa, ndiye cholembera chili m'manja mwa Esinati, mzime wanga uja munamusiya ali kamtsikana. Ine ndikungoyankhula pang'onopang'ono nditagona chammbali pamphasa, poti chiuno sichikundilola kukhala tsonga. Za chiunozo ndikuuzani, musandifulumize.

Ndiyambe ndi zokoma. Esinati ali ndi mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Mphuno ndi yanu yomwe ija, ngakhale kakwiyidwe. Kwa achimwene ku Chitala chimanga chinachita bwino, anatitumizirako pangolo. Nyanja chaka chino inakwera mpaka inadya pamene tinkayanika usipa, moti tasamukira kumtunda. Mango munadzala aja akubala, koma ana sakuwalola kupsa.

Tsono nkhani yandigoneka pansiyi ndi ya gule wanu, wotsamirana uja.

Mukukumbukira mmene munauyambira. Ine ndi Abiti Saidi tili atsikana tinamenyana poyanika usipa, iye kunditukwana kuti ndine wodya nkhumba, ine kumung'ambira mpango. Inu simunatikalipire. Munatiimika pamchenga chofulatirana, msana ndi msana, nkuti aliyense atsamire mnzake ngati akukoka khoka. Munayamba kuwomba m'manja mukuimba nyimbo. Masitepe panalibe, wotsogolera panalibe. Iye akapendekeka ine ndinkamutsata, ine ndikagwada iye ankatsetsereka pamsana panga, mpaka tinapezeka tikugubuduka mumchenga tikuseka. Munati, "Pakamwa pamanama, msana sunama." Ndipo lamulo munatipatsa limodzi lokha: "Ukafuna kuchoka, uyambe wamuuza mnzako ndi phewa."

Gule ameneyu anakonza zambiri pamudzi pano. Akazi a mitala osayankhulana munkawatsamiritsa, mawa lake nkuwaona akusinja mumtondo umodzi. Namaseko atabwera kuchokera kuchipatala cha khate, anthu akumuikira chakudya patali ngati galu, ndinu munavula mpango nkumupatsa msana wanu anthu onse akuona. Sabata isanathe ankatunga nafe pachitsime. Inu mutapita sitinasiye. Loweruka lililonse masana, pansi pa mkuyu uja, a kutchalitchi ndi a kumzikiti pamodzi. Ndipo ine wanga anali Abiti Saidi, mpaka tonse tamera imvi. Msana wake ndimaudziwa kuposa wa malemu bambo a Esinati. Akakhala ndi nkhawa ndinkamva pafupa la kumanzere iye asanatsegule pakamwa.

Kenaka anatitengera mkamwini. Ndi aphunzitsi a Gondwe, bambo a mwanayu, munthu wofatsa wochokera kumpoto. Galimoto inafika pasukulu dzuwa lili paliwombo, ana akuona, nkuwakweza choko chili m'manja. Akuti anayankhula zina zake zokhudza chipani. Zoti chiyani, palibe watiuza, ndipo kumene ali sitikudziwa. Nthawi imeneyo Esinati anali ndi pakati potopa.

Kuyambira tsiku limenelo, Amayi, nyumba yathu inasanduka ya khate. Pachitsime tikafika nkhani zimatha. Wogula usipa wathu amayamba wayang'ana uku ndi uku. Esinati anachira bwino, koma kudya anasiya, kulira osalira, amangoyang'ana kumsewu. Mkaka unayamba kuuma, mwana nkumalira usana wonse. Ndinaona kuti ndikataya mayi nditayanso ndi khanda lomwe. Ndiye ndinati, mankhwala ake ndikuwadziwa, Amayi anatisiyira. Anthu akangomukhudza mwana wangayu, akangomupatsa msana, adziwa kuti akadali munthu.

Loweruka ndinamukoka dzanja mpaka pamkuyu. Azimayi onse analipo. Atationa, kuwomba m'manja kunayamba kuzizira. Palibe anayandikira Esinati, anangoima payekha mwana ali kumbuyo. Ndinati palibe kanthu, ndiyambe ine, enawo atsatira monga anatsatira inu pa Namaseko. Ndinapita kwa Abiti Saidi nkumufulatira. Anachedwa pang'ono, koma msana anandipatsa.

Amayi, mmene ndinasangalalira. Ndinamva fupa lake lija la kumanzere likunjenjemera, ndinati ndi chisoni cha ife. Ndinatsinzina. Zonse ndinasenza miyezi imeneyi ndinazitula pa iye, thupi lonse, zidendene zokha zili pansi. Sindinaone kuti a tcheyamani a chipani atulukira panjinga ndi anyamata awo a malaya ofiira. Iye anawaona.

Anangochoka. Phewa silinandiuze kanthu.

Ndinagwa chagada, chiuno nkumenya muzu wa mkuyu. Palibe anaseka, koma palibenso anandidzutsa. Ndili pansi pomwepo ndinamuona mnzanga akuthamangira kukalandira njinga ya a tcheyamani, akugwada, akulonjera ndi mawu okoma ngati sanandidziwepo. Amene anandinyamula ndi Esinati, mwana ali kumbuyo, ine ndili paphewa. Anthu anatipatukira njira yotakata bwino.

Lero pamkuyu pakuvinidwabe, ndimamva ndili pano. Koma akuvina m'mizere, atavala nsalu za chipani, kukonzekera kukavinira akuluakulu ku boma. Wotsogolera ndi Abiti Saidi, ali ndi wezulo pakamwa. Nyimbo yanu ija yowombera m'manja anaichotsa mawu nkuikamo oyamika chipani. Aliyense amatalikirana ndi mnzake mkono wathunthu, kuti mzere uwongoke. Palibe akhudza mnzake.

Musati sindikumvetsa. Mwana wake wamwamuna ndi kalaliki ku boma, ndipo galimoto ija njira ya kwawonso ikuidziwa. Mantha tonse tili nawo, ngakhale ine ndikumuuza Esinati kuti tikatha kalatayi aiponye pamoto, utsi ndiwo ukufikitsireni. Akanakana kundipatsa msana, ndikanapita kwathu ndi manyazi okha. Akanandigunda ndi phewa, kamodzi kokha, ndikanaponda pansi, iye nkupita kwa a tcheyamani ake. Zimenezo palibe akanaziona, palibe akanamumangira. Koma anadikira ndimukhulupirire ndi thupi lonse. Munati msana sunama, Amayi. Kodi wa Abiti Saidi munauyesa bwino?

Dzana Abiti Saidi anasiya kambale ka chambo chowamba kuseri kwa nyumba, anadzera njira ya kumabango, osaodira. Mbaleyo ndinaidziwa, ndi yobenthuka m'mbali ija. Nsomba ndinamupatsa Esinati chifukwa akuyamwitsa. Ine sindinalawe.

Chimodzi chokha chakoma. Tsiku lina ndinalephera kudzuka, ndiye Esinati anakhala pamphasa chondifulatira kuti nditsamire. Tinangokhala choncho. Ndinayamba kugwedezeka pang'ono, iye nkunditsata. Kenaka ndinamva msana wake ukugwedera, ndipo analira, kulira kwenikweni kumene sanalire chitengedwere mwamuna wake. Madzulo ake anadya. Mkaka ukubwerera. Pano akulemba misozi ikudontha papepala, akuti ndisanene zimenezi, koma ndanena.

Ndikulonjezani, Amayi, kamwanaka kakadzayamba kuima ndidzakaphunzitsa, ndi lamulo lanu lomwe. Abiti Saidi akadzabwera masana, podzera njira ya kumaso, anthu akuona, nkundifulatira, sindidzamukaniza, poti munatiika pamodzi ndinu. Msana ndidzamupatsa. Koma mapazi anga onse awiri adzakhala ataponda pansi, ndipo iye adzamva, chifukwa amaudziwa msana wanga.

Wanuwo mundisungire. Ndikadzafika kumeneko ndidzatsamira ndi thupi lonse, nditatsinzina.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Nabanda