Phula padenga la galimoto ya a Mwale

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji ku Kitwe pamodzi ndi alamu? Kuno tili bwino, amai mwendo uja unasiya kutupa.

Koma tachita manyazi, achimwene. A Mwale, ahedi athu, anagula galimoto ija ya amishoni, yokhala ndi bedi m'kati. Padenga pake pali makina oziziritsa mpweya, ndipo mvula inkalowera m'mbali mwake. Atadandaula m'kalasi, ine ndinakweza mkono n'kunena kuti atate amatha kutseka denga lililonse.

Atate anapita ndi chitini cha phula n'kumata kuzungulira makinawo, monga amachitira ndi malata. Anatseka ngakhale timabowo ta m'munsi. Sitinadziwe kuti timeneto n'totulutsira madzi. Lachitatu kunagwa chimvula, madzi anasowa kotulukira, onse anatsikira pa matiresi.

A Mwale sanakalipe. Anangoti, "A Phiri, kale inkadontha, tsopano ikuthira." Atate anangovula chipewa. Chichokereni tsikulo, kutchalitchi akukhala benchi yakumbuyo, ndipo ine anzanga akunditcha Naphula.

A Mwale akufuna kutengera alendo ku Mtenguleni pa mwambo wa Ncwala. Inu mumakonza magalimoto kugalaja, chonde yankhani msanga. Phulalo tichotse ndi chiyani? Nanga mphira wa pansi pa makinawo tisinthe, kapena tingolimbitsa mabawuti? Kalatayo mulembere atate, osati ine. Muyambe ndi kuwafunsa nzeru pa kanthu kena, kuti powerenga adzutseko mutu.

Ambuye akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu,
Esinati