Thobwa Lanu Labwerera pa Kameza

Mayi Ida Mulepa
a ku Machinjiri

Amayi, lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni. Tinkayesa kuti chaka chachitatu chidzapepuka kuposa zinazo, koma ayi ndithu. Lamlungu tikachoka kutchalitchi, abambo amatulutsabe mipando iwiri pakhonde, kenako n'kubweza umodzi mwakachetechete poganiza kuti palibe waona. Timaona, koma timayang'ana kumbali. Mwana wanu Brenda sangadutse pa Kameza osatembenuka, ndipo zidzukulu zanu zimafunsabe kuti agogo a thobwa abwera liti.

Zaka makumi awiri ndi ziwiri munakhala pamphambano paja ndi chidebe chanu cha buluu. Madalaivala a minibasi ankaimika galimoto, okwera ali m'kati akunyinyirika, kuti amwe kaye thobwa la mayi Ida. Tikukumbukira mmene munkayesera phala ndi chala chaching'ono musanathire chimera, ndi mmene munkatitchulira kuti mabwana tikagona mpaka dzuwa kutuluka. Kuseka kwanu ankakumva ndi a kuseri kwa mpanda omwe. Mdani wanu anali mmodzi yekha, dzuwa la Okutobala. Likangopendeka, thobwa linkayamba kusasa, lotsalalo n'kubwera nalo kunyumba, ife n'kumamwa titakwinya nkhope inu mukutiseka.

Chaka chino amene watipempha kuti tilembe motalikirapo ndi Olivia, chitsirizira wanu. Ali ndi mawu amene akhala akumutsamwa zaka zitatu zonsezi. Atasankhidwa kukaphunzira sayansi ya zakudya ku koleji, munavina mpaka chitenje kumasuka. Koma munali ndi langizo lanu lomwe simunkatopa nalo, loti aphunzireko ndi za bizinesi zomwe. Munkati, “Kupanga chinthu n'kwina, mwanawe, kuchifikitsa m'manja mwa munthu n'kwinanso.” Olivia ankangomva ngati nyimbo ya pa wailesi. Kwa iye bizinesi inali ya anthu amene masamu anawakanika, ndipo maloto ake onse anali pa chijasi choyera cha mu labu.

Pa holide ya chaka chake chachiwiri munamupempha kuti akuperekezeni pa Kameza tsiku limodzi lokha, akaone chimene chimasasitsa thobwa msanga, popeza wowerenga m'banja muno ndi iyeyo. Anakuyankhani kuti sanapite ku koleji kuti anzake azimuona atakhala pa chidebe m'mbali mwa msewu. Thobwa lomwelo ndi lomwe linamufikitsa ku kolejiko, koma simunamukumbutse. Munangoseka pang'ono n'kusenza nokha chidebecho. Olivia anabwerera kusukulu osapepesa, poganiza kuti nthawi ilipo. Patapita milungu isanu matenda anu a kuthamanga kwa magazi aja anakutengani, ndipo iye anatsala ndi chikhulupiriro choti munapita mutamukwiyira.

Anaonda mwana uja, amayi. Anafuna kusiya sukulu, abambo n'kumuuza kuti akatero ndiye kuti wakuikani m'manda kawiri. Atabwerera, anakapempha kuti awonjezere maphunziro a bizinesi pa sayansi yakeyo, ngakhale kuti zimenezo zinamuchedwetsa ndi chaka chathunthu. Anzake anamuchenjeza kuti mapanga awiri avumbwitsa. Itafika nthawi yosankha ntchito ya kafukufuku yomalizira, anasankha thobwa lanu.

Za mu labu zinamuyendera. Anapeza kuti botolo likawiritsidwa bwino, thobwa n'kuthiridwamo likadali lotentha n'kutsekedwa pomwepo, limakhala masiku angapo osasasa. Anapezanso kuti kutentha kumene mabuku amanena kuti n'koyenera kuthira chimera ndi komwe kuja chala chanu chinkakupeza popanda chipangizo chilichonse. Tsiku limenelo anatiimbira foni akulira. Koma mphunzitsi wake wa bizinesi anakana kulandira ntchito yongolembera pa desiki. Anati apite kumene kuli ogula, akakhale nawo, akamve zotuluka m'kamwa mwawo. Ndiye dona wathu wa chijasi choyera uja anatulutsa chidebe chanu kuseri kwa chitseko, n'kuchitsuka, ulendo wa pa Kameza.

Woyamba kulawa anali a Willard, dalaivala uja ankakutchulani kuti alamu. Anamwa pang'ono n'kubweza botolo lili theka. “Ndi laukhondo, sisi,” anatero, “koma lilibe mwiniwake.” Tsiku lachiwiri zinali chimodzimodzi, lachitatunso chimodzimodzi. Olivia anatifunsa tonse mmodzimmodzi kuti munkathiramo chiyani chimene iye akuchiphonya, ndipo palibe ankadziwa. Tinakulira thobwa limenelo, koma ntchito yathu inali kumwa basi. Manyazi amenewo ndi athu tonse, osati a iye yekha. Anatiuza kuti mwina kukoma kuja munapita nako dala, poti iye anakana kukuphunzira.

Amene anamuwombola ndi a Zubeda, mnzanu wa mandasi amene munkabisala naye mvula mu ambulera imodzi. Anamusiya dala avutike masiku atatuwo kuti aone ngati abwerenso. Atabwera tsiku lachinayi anamuitana n'kumuuza kuti pa chimera chanu cha mawere munkapatulako chikho chimodzi, n'kuchikazinga pa phale mpaka chifiire, ndipo chimenecho munkathira pomaliza. Abambo atamva anagwira pakamwa. Zaka zonsezo ankamva fungo lija m'mawa n'kumaganiza kuti mwapsereza kanthu, koma ankangokhala chete poopa kuyambitsa mkangano asanamwe tiyi. Tinaseka mpaka misozi, kuseka n'kutha misozi ikutulukabe.

A Zubeda anali ndi mawu enanso amene anawasunga zaka zitatu. Anati tsiku lomwe Olivia anakana kukuperekezani lija, munafika pa Kameza, n'kutula chidebe, n'kuwafotokozera zonse mukuseka. Akuti munati, “Ameneyu ndi wouma mutu ngati ine ndemwe. Adzabwera yekha pano, ndipo akadzabwera musadzamubweze.” Olivia anakhala pansi pafumbi pomwepo, minibasi zikudutsa, anthu akumuyang'ana, iye osasamala. Zaka zonsezi ankadzizunza ndi mkwiyo umene inu simunakhale nawo.

Sabata yotsatira a Willard analawanso. Anamaliza botolo lonse, n'kuvula chipewa, n'kupempha lina loti akapatse akazi awo. Panopa thobwa lija likupezeka m'magolosale angapo a ku Machinjiri kuno ndi ku Chilomoni, ndipo la Lolemba limafika Lachisanu lisanasase. Dzuwa la Okutobala lija lagonja, amayi. Pa botolo lililonse pali dzina lanu, ndipo Olivia salola munthu wina kukazinga chikho chija, amakazinga yekha pa phale lanu lomwe lija. Choyezera kutentha anagula ndithu, koma tamugwira kangapo akuviika chala chaching'ono poganiza kuti sitikumuona.

Mwezi wa mawa alandira pepala lake la ku koleji, ndipo palembedwa zonse ziwiri, sayansi ndi bizinesi, monga munkafunira. Mpando wanu ku mwambo wolandirira pepalalo udzakhala wopanda munthu, ndipo zimenezo zikutipweteka kuposa mmene tingalembere pano. Iye wanena kale kuti mwambo ukadzangotha sadzapita kokajambulitsa ndi anzake. Adzakwera minibasi atavala gauni lake lomwelo, n'kukatsikira pa Kameza, n'kukakhala pa chidebe cha buluu, aliyense wofuna kumuona amuone. Watipempha kuti mawu ake tiwalembe mmene wawanenera, osawonjezera kanthu: “Pepani amayi. Ndachedwa, koma ndabwera.”

Pumulani mumtendere wa Ambuye. Ife kukuiwalani ayi, ngakhale tsiku limodzi.

Amuna anu a Ellard, ana anu Chancy, Brenda ndi Olivia, zidzukulu zonse, ndi mnzanu Zubeda.