Masamba Omatana M'buku la Nyimbo la Adada Ako

Wokondedwa mwana wanga Vitumbiko,

Landira moni wochokera kuno ku Nchenachena. Ine ndili bwino, kupatula mawondowa. Akundilembera ndi mlamu wako wa ku Dedza, n'chifukwa chake ndikuyankhula Chichewa.

Adada ako anakana kubwerera kuchipatala kukalandira mankhwala a khansa yawo ya m'matumbo ija. Ankati, "A Gondwe analandira omwewa, koma tinawaika m'manda. Ndivutikirenji ndi kusanza?"

Loweruka mlongo wako Tiwonge anabwera kuchokera kumene amachita kafukufuku wa matenda a khansa. Sanakangane nawo. Anatenga buku lawo la nyimbo, lija linanyowa ndi mvula, n'kuwapempha kuti atsegule pakati. Masamba anali omatana.

"Adada, nyimbo ilimo, koma simungaiimbe," anatero Tiwonge. "M'thupi mulinso malangizo olembedwa, timawatcha majini, ndipo pali tizinthu timene timamata ena kuti asawerengeke. Chotupa china chimamata tsamba lodzichiritsira chikavulala, ndiye mankhwala amachigonjetsa msanga. China chimamata tsamba lina, n'kumakana mankhwala. Chotupa cha a Gondwe si chanu."

"Nanga changa chinamata tsamba liti?" anafunsa adada ako.

"Sindikudziwa, sindingakunamizeni. Koma madokotala aona kuti chikuchepa."

Kenako adada ako anati, "NyaMhango, mundichapire malaya oyera aja." Ndinamuyang'ana Tiwonge, yemwe ndinkamuperekeza kusukulu alibe nsapato, ndipo ndinanyada chomene.

Adada ako akupita kuchipatala Lachiwiri. Uwaimbire foni Lolemba, uwalimbitse mtima asasinthe maganizo. Chauta akusunge kumeneko.

Ndine mayi ako,
NyaMhango