Pomwe Munkaviika Chinangwa

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko?

Ndakumbuka tsiku lija tinkachokera koviika chinangwa, inu beseni lili pamutu, ine ndikukutsatani. Titafika pa kamtunda koterera kaja munatula beseni n'kulinyamulira m'chiuno. Munati, "Katundu wam'mwamba ndiye amayamba kugwa, mwini wake amangotsatira." Ndinaseka tsiku limenelo.

Kuno mpunga wa ku Limphasa wachita bwino. Mkazi wa Yotamu wanu wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Koma bambo ake akumunyamula ali chigonere, mwendo uli m'chikhakha.

Ku Kande, pomwe panali maenje anu oviikamo chinangwa, akumangapo nyumba yogona alendo. Maenjewo anangowathira mchenga pamwamba. Pamenepo Yotamu amayendetsa fokolifiti, chigalimoto cha matayala akuluakulu chonyamula njerwa pa mano awiri achitsulo. Anaphunzira bwino ntchito yake: katundu azikhala m'munsi, pamtunda osadutsa chopingasa, lamba azikhala m'chiuno.

Ndiye pali kapitawo wawo, wa chipewa choyera mbee, nsapato zake zosadziwa matope. Lamba wa pampando anamudula yekha kukamangira chitseko cha mosungira simenti. Mvula itangokata, iye ali pakhonde manja m'thumba, analamula Yotamu kuti adutse chopingasa pamtunda njerwa zili m'mwamba, akuti kutsitsa n'kuchedwa, wosafuna azipita kwawo. Tayala linamira m'limodzi la maenje anu aja, chigalimoto n'kugudubuka, Yotamu n'kugwera kunja n'kuthyoka mwendo.

Mukudziwa komwe kapitawoyo anayamba kuthamangira? Kukaona ngati njerwa zasweka. Tsopano akuyenda Chintheche yonse kunena kuti mwana wanu anali ataledzera. Yotamu, wa kwaya uja, amene ngakhale thobwa likangowawasa amalikana! Kapitawo wotereyu, Amayi, inu simukanamuyalira n'komwe mphasa.

Mwini nyumbayo wakhala akutizemba chigwere ngoziyi, koma tsopano wavomera. Lachisanu tikumana naye pamalo pomwepo, pamodzi ndi a ku ofesi ya zantchito. Kapitawo adzakhalapo. Dzulo ndinadutsako, ndipo lamba uja akadali pachitseko. Ndi nzeru zake zonsezo sanaganize zomuchotsa. Sindidzalankhula zambiri. Ndidzangowapempha kuti tiyende mpaka pachitsekopo.

Ndikukulonjezani, kamwana ka dzina lanu sikadzakula kakumva kuti bambo ake anathyoka mwendo chifukwa cha mowa.

Ndimakukondani monga kale.

Mwana wanu,
Eliza