Fodya wa Yobu mu radiyeta

Njombwa, Kasungu
9 Januwale 2010

Okondedwa achimwene a Simeon,

Muli bwanji ku Joniko? Nanga alamu a Ennie? Ife kuno thupi lili bwino, koma mtima wanga ndiye ayi.

Uthenga wanu ndaumva, woti njinga yamoto munanditumizira ija ndiipereke kwa Yobu, mwamuna wa mlongo wathu Lefina, chifukwa ine ndaiwononga. Achimwene, mwamva mbali imodzi.

Mu Disembala Yobu anaibwereka kuti akatute mikangala yoyanikapo fodya. Anaibweza yotsukatsuka, ine n'kuthokoza ngati chitsiru. M'mawa mwake ndinanyamuka ndi makuponi anga awiri, titamva kuti feteleza wafika ku depoti. Ndisanafike n'pakati pomwe, injini inatentha, nthunzi fuu m'miyendo! Ndinaikankha mpaka madzulo. Pofika, matumba onse anali atatha. Chimanga changa lero n'chachikasu, cha Yobu chili biriwiri.

Ndiye munthu yemweyo akuimbireni foni kuti Zakeyo sathira madzi mu radiyeta? Ine?

Ndinapita nayo kwa a Masautso, amakaniko a pamsika. Anayamba ndi mapaipi, onse ali bwino. Chitsekerero chilinso bwino. Kenako anaimasula radiyetayo, n'kutseka kukamwa kwake, n'kuipopa mpweya ili m'beseni la madzi, monga timachitira ndi chubu cha njinga yakapalasa. Thovu linatulukira pansi, pabowo pomwe panali kachidutswa ka mkangala womwe unaiboola.

Atatsukuluza m'kati, munatuluka phala lakuda, fungo la fodya wa bale lokhalokha. A Masautso anaseka mpaka kukhala pansi. Anati wochita izi ndi mlimi wa fodya, anafikisa masamba n'kuthira kuti atseke bowo. Akuti zimagwira tsiku limodzi, kenako fodyayo amatsekanso njira zamadzi. Mukudziwa kuti ine kulima fodya ndinasiya kalekale.

Ndinamufunsa Lefina. Analira, n'kuvomera kuti anamuona mwamuna wake akufikisa fodyayo kuseri kwa chigafa, ndipo mwamunayo anamuopseza kuti asanene.

Bowolo amata ndi mtovu, njinga ikuyenda. Phala lija ndalisunga m'botolo. Lamulungu likudzali ndikaliika patsogolo pa akulu ampingo, Yobuyo ali pomwepo ndi jekete lake lakutchalitchi. Ndikufuna achite manyazi mpaka asowe poyang'ana. Musandiuze zokhululuka, sindinafikepo.

Njingayo ndi yanu. Mukanenanso kuti ndimupatse, ndimupatsa, sindikukanirani. Koma radiyeta ndiichotsa, ndiiponye m'chimbudzi iye akuona. Aikankhe njingayo mpaka kwawo, amve mmene dzuwa la Disembala linandiwotchera.

Chomwe ndikupempha n'chimodzi: mumuimbire, mumufunse nokha kuti ana anga adya chiyani chaka chino.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Mulungu akusungeni. Moni wa Yobu musadzeretse kwa ine, sindikafikitsa.

Ndine mng'ono wanu,
Zakeyo