Thumba la Feteleza M'munda wa Manyowa

Lachinayi, Januwale. Tsiku la lero landiwawa.

Ndikupalira m'munda wachitsanzo wa kalabu yathu kuno ku Henga, khasu langa linakoka thumba la feteleza lopanda kanthu, lokwiriridwa mumzere. Ndinafunsa a Gondwe, amene timasamalira nawo mundawu. Anayang'ana kumbali. "Ndinangothira pang'ono, amama, kuti alendo asadzatiseke. Pepani chomene."

Ati pang'ono. Ine ndakhala ndikulumbira pamaso pa anthu kuti chimanga chobiriwirachi ndi cha manyowa okhaokha. NyaMhango, wamasiye wa ana asanu, anandikhulupirira. Munda wake wonse wathira manyowa basi, kudikira kuti ufanane ndi wathuwu.

Mawa akubwera ndi anzake kudzaphunzira kwa ine. Thumba lija ndalibisa kunsi kwa bedi, ngati wonama ndine.