Ndinakana lumo pa maliro a akulu anga, tsopano tsitsi likutha

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 53, ndimakhala ku Mualadzi kuno. Nkhani yanga mwina muiona ngati yachibwana chifukwa ndi ya tsitsi, koma ine ikundidya mumtima ndipo ndilibe woti ndimuuze.

Tsitsi langa kale linali lodziwika, Aphungu, sikuti ndikudzitama ayi. Linali lakuda bii, lofewa, ndikalimasula linkakhudza m'mapewa. Tikatuluka mu misa amayi ankandigwira m'mutu kuti aone ngati ndaikamo mesha zogula. Amuna anga a Teodoro mpaka lero amanena kuti iwo anafunsira tsitsi, mwini wake anadzamuona pambuyo. Koma ntchito yonseyo sinali yanga. Inali ya akulu anga a Albina, obadwa nawo bere limodzi, amene anandilera mayi athu atamwalira.

Loweruka lililonse masana tikaweruka kumunda, ndinkakhala pamphasa pakati pa miyendo yawo kuseri kwa nyumba. Mafuta a nsatsi ankayenga okha, kukazinga, kusinja, kuphika mpaka mafutawo ayandame, fungo lake mudzi wonse kudziwa kuti lero kwa a Albina kuli zoluka. Ndikasuntha pang'ono ankandigogoda ndi chipeso n'kumati, "Khala bwino iwe, mutu waukulu chonchi koma sukhazikika." Ngakhale chaka chomwe tinathawira nkhondo ku Zambia, anthu akunyamula miphika ndi zofunda, iwo anamangirira kabotolo ka nsatsi kunsonga ya kapulana, chitenje chawo chija. Ndinakwatiwa, ndinabereka ana asanu, imvi zinayamba kuoneka, koma Loweruka lathu silinasinthe.

Chaka chatha tikukolola anandiluka mizere isanu ndi iwiri yopita kumbuyo. Ankadandaula mutu tsiku limenelo, koma anamaliza, n'kunena kuti, "Sabata yamawa tidzamasule msanga, nsongazi zayamba kuuma, sindikuzikonda." Lachitatu lake anagwa ali pamtondo. Sanafike n'kuchipatala komwe.

Mwambo wathu mukuudziwa. Patapita masiku titaika maliro, abale tonse tinasonkhana kuti timete. Masiku ano ena amangodula pang'ono kutsogoloku, koma kwathu wobadwa naye amameta mpala. Lumo litafika pa ine, ndinagwira duku langa ndi manja awiri n'kunama kuti ndili ndi zilonda m'mutu. Amalume athu a Zeca anandiyang'ana nthawi yaitali n'kungoti, "Chabwino, Albina wamva." Anthu anayamba kunong'onezana kuti ndakonda tsitsi kuposa m'bale wanga. Zoona zake sindinauze munthu, ngakhale amuna anga amene. Mizere ija inali yomaliza ya manja a akulu anga, ndipo sindikanatha kuiona itagwera pafumbi. Ndinakhala nayo miyezi itatu m'kati mwa duku, osamasula, osapaka kanthu.

Tsiku lomwe ndinamasula ndinalira ngati maliro achitika kumene. Tsitsi linali litamangana, lina n'kutsalira m'manja. Kuyambira pamenepo lauma gwa ngati udzu wa m'chilimwe, lanyankhalala, chipeso chikangodutsa limaduka. Ndinayamba kulitsuka tsiku ndi tsiku ndi sabau wochapira zovala poganiza kuti ndi litsiro la miyezi ija. Mnzanga Vaileti, yemwe amakagulitsa matimati ku Cassacatiza, anandibweretsera disifirizo, mankhwala owongola tsitsi aja, ati lifewa. Mankhwalawo anandiwotcha m'mbali mwa makutu, ndipo zilonda zomwe ndinanama zija ndinakhala nazo zenizeni.

Ndinene ndi ichi ngakhale chili chamanyazi. Miyezi yomweyo ndi imene ndinasiya kupita kumwezi. Thupi limangotentha mwadzidzidzi, thukuta kamukamu, khungu nalo lauma. Koma kumudzi kuno palibe akuganizako zimenezo. Onse akuti a Albina akwiya, akudzimetera okha tsitsi lomwe ndinawamana.

Mwezi wamawa kuli mowa wa maliro ndi kumeta kwachiwiri. Amalume atumiza mawu kuti ndidzakhale woyamba pa lumo, apo ayi ndisadzaponde pabwalopo. Amayi anzanga a ku parokiya akuti ndisapite. Kwa ine zonsezo n'zazing'ono. Chomwe chikundipweteka n'kuganiza kuti munthu amene anandilera, amene anandigwira m'mutu zaka zoposa makumi anayi, wagona uko ali nane chifukwa. Kodi n'zoona akwiya? Nanga tsitsili lingabwererenso ngati kale?

L.T., Mualadzi

Mayi L.T.,

Pepani ndi maliro a akulu anu. Nkhani yanu si yachibwana ngakhale pang'ono. Tiyambe ndi tsitsi chifukwa ndilo losavuta, za a Albina tizifika.

Werenganinso kalata yanu. Amene anayamba kuona kuti nsonga zikuuma ndi akulu anu omwe, ali moyo, akukulukani ndi manja awo. Tsono kuuma kwa tsitsili kunayamba maliro asanachitike, lumo musanalikane. Mzimayi akamasiya kupita kumwezi, khungu la m'mutu limachepetsa mafuta omwe limatulutsa lokha, tsitsi n'kuuma, kupyapyala ndi kuduka msanga, ndipo imvi ndizo zimauma kwambiri. Zimachitikira amayi ambiri, ngakhale amene sanakanepo lumo m'moyo mwawo. Pamwamba pa zimenezo munali ndi chisoni chachikulu, chomwe nachonso chimathothola tsitsi. Kenaka mizere miyezi itatu yopanda dontho la mafuta, sabau wa zovala tsiku ndi tsiku, n'kumalizira ndi disifirizo. Mayi, tsitsi lanu n'lolimba, lina likanatheratu kalekale.

Sabau wochapirayo mubwezereni ku zovala lero lomwe. Tsukani m'mutu kamodzi pa sabata basi, ndi shampu kapena sabau wofewa wosambira, madzi ake ofunda pang'ono, osati otentha. Mukatsuka musalipukute mokhula, ingolifinyani ndi nsalu. Mafuta pakani tsitsi likadali lonyowa, chifukwa mafuta paokha sanyowetsa, ntchito yawo n'kutsekera chinyezi m'kati. Kupaka pa tsitsi louma kale n'kungodzinyenga ndi kunyezimira. Masiku ena a pakati pa sabata liwazeni timadzi ndi dzanja, kenaka timafuta pang'ono kunsonga. Nsatsi ndi yabwino, ndipo kayengedwe kake mwakaona zaka zonsezi, mukukadziwa. Poti ndi yolemera, isakanizeni ndi mafuta a mtedza kapena a kokonati. Nyengo ya mapeyala, phwanyani limodzi lakupsa bwino, pakani m'mutu, dikirani kanthawi n'kutsuka.

Chipeso cha mano othinana chisiyeni kaye. Yambani ndi zala, kenaka chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga kupita kumizu, ndipo musapese tsitsi louma. Mukamaluka, maluko akhale olekerera, osakoka m'mbali, ndipo asapitirire sabata ziwiri kapena zitatu. Kumunda valani duku chifukwa dzuwa la kwanuko mukulidziwa, koma duku la kapulana limamwa mafuta, choncho muziyamba mwamanga kansalu koterera m'kati. Musaiwale kuti tsitsi limadya m'mbale yanu yomweyo: mtedza, nyemba, mazira, kapenta, masamba, ndi madzi akumwa okwanira. Disifirizo ndi chipeso chamoto ayi ndithu. Vaileti mtima wake ndi wabwino, mankhwala akewo ndiwo oipa. Mulandeni botololo mumupatse chipeso, chifukwa mutu wanu ukufunanso manja a munthu wina.

Mwafunsa ngati libwerera ngati kale. Sindikunamizani, la utsikana lija lapita, ndipo likanapita ndithu ngakhale akulu anu akanakhala moyo. Koma lofewa, losaduka, losiririka pa msinkhu wanu, limenelo likhoza kubwera mukapirira miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka. Gawo lomwe linapsa ndi mankhwala silichira, mankhwala ake ndi kulidula kuti lomera kumene liyambe bwino. Ndiye ngati mukuopa kuti kumeta kukuonongerani tsitsi, mantha amenewo chotsani.

Tsopano za a Albina. Zomwe akufa amaganiza ine sindingakuuzeni, ndipo sindidzinamiza kuti ndimadziwa. Koma munthu amene mwamulemba m'kalatamu ndamuona bwino. Anathawa nkhondo ndi kabotolo ka mafuta a m'mutu mwanu. Anamaliza kukulukani mutu ukumupweteka. Inu simunakane kumulira, munamulira miyezi itatu mutasenza ntchito ya manja ake pamutu. Ine sindikuonapo chomukwiyitsa pamenepo.

Cholakwa chanu ndi chimodzi, bodza la zilonda lija, ndipo munalakwira amoyo. Chaka chathunthu abale anu akukuyesani wodzikonda chifukwa simunawapatse mpata wodziwa zoona. Amalume anu nawonso anataya mwana wa mlongo wawo, ndipo anaona ngati mukumunyoza. Yambani mwauza amuna anu. Kenaka musadikire tsiku la mowa, pitani nawo kwa a Zeca sabata ino, mukakhale pansi mukanene monga mwandiuzira ine, kuti mizere ija inali yomaliza ndipo munalephera kuitaya. Mukalira, lirani. Za kumeta kapena kusameta, zimenezo ndi za inu ndi chikumbumtima chanu. Ngati mawu a amayi a ku parokiya akukuvutitsani, kakambiraneni ndi a padiri nokha, osati kudzera m'manong'onong'o.

Mukasankha kumeta, nyamulani lumo lanulanu latsopano, losagwiritsidwapo ntchito, musalole loyenda mitu yonse, ndipo lisadutse pa zilonda zomwe sizinapole. Mukaona tsitsi likuthothoka n'kusiya madazi ozungulira, zilonda sizikupola, mukutopa popanda chifukwa, khosi likutupa, kapena magazi abwereranso mutasiya kale kupita kumwezi, pitani kuchipatala msanga, zimenezo si za nsatsi.

Koma chenjezo langa lalikulu ndi ili: musakakhale pansi pa lumo musanalankhule. Mukameta muli chete, tsitsi lidzamera bwino chifukwa cha chisamaliro, mudzi wonse n'kumati mwaona, mzimu wakhululuka, ndipo inu nomwe mudzakhulupirira mpaka kufa kuti akulu anu anakulangani. A Albina sanakuchiteni choipa ali moyo. Musalole kuti anamiziridwe ali m'manda, kumene sangathe kudziyankhira.

Aphungu